Sipika ya Bluetooth Ikamakana Kulumikizana ndi Foni

Vuto limene anthu okhala ndi timasipika ta Bluetooth amakumana nalo mobwerezabwereza limayamba mofanana pafupifupi nthawi zonse. Dzulo sipika imaimba bwinobwino, lero mwaiyatsa, kagetsi kake kakuthwanima monga mwa masiku onse, koma foni ikungofufuza osaipeza, kapena ikuipeza n'kulemba kuti yalephera kulumikizana nayo. Ambiri akafika pamenepa amafulumira kunena kuti sipika yafa, ndipo ena amayamba kuitsegula kuti aone ngati waya wina waduka m'kati. Kawirikawiri sipakhala chimene chaduka. Chimene chimachitika n'chakuti foni ndi sipika zasiyana pa zimene chilichonse chikukumbukira, ndipo vuto lotere limatha ndi mabatani okha, popanda kumasula kalikonse.

Pa zonse zimene zikutsatirazi, sinthani chinthu chimodzi chokha, yesani, kenako mupite pa china. Munthu amene wazimitsa foni, wafufuta sipika pa mndandanda, wasintha tchaja ndiponso wasamukira m'chipinda china, zonsezi pa nthawi imodzi, angathe kuona sipika ikuimbanso, koma sadziwa chimene chinathandiza, ndipo vutolo likabweranso sabata yamawa adzayambanso kuyesa zonse mwachimbulimbuli.

Kudziwana ndi kulumikizana si chinthu chimodzi

Kuti foni itumize nyimbo ku sipika, zipangizo ziwirizi zimachita zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chisokonezo chochuluka chimabwera chifukwa chakuti timazitchula ndi dzina limodzi. Choyamba ndi kudziwana, kumene mafoni amakulemba kuti Pairing. Kumachitika kamodzi kokha: foni ndi sipika zimapangana nambala yachinsinsi yaitali, ndipo chipangizo chilichonse chimasunga nambalayo pamodzi ndi adiresi ya chinzake. Chachiwiri ndi kulumikizana kwenikweniko, kumene foni imakusonyeza ndi mawu akuti Connected. Kumeneku kumachitika nthawi iliyonse mukayatsa sipika, ndipo kumatheka pokhapokha ngati zipangizo zonse ziwiri zikadali ndi nambala yachinsinsi yofanana.

Mfundo imeneyi ili ndi zotsatira ziwiri zimene zimafotokoza mavuto ambiri. Chotsatira choyamba n'chakuti sipika siimangodzionetsa kwa foni iliyonse nthawi zonse. Imalengeza dzina lake pokhapokha ikakhala pa nthawi yofuna chipangizo chatsopano, ndipo nthawi imeneyi imatenga mphindi zochepa chabe. Ikatha, sipika imayankha zipangizo zimene ikuzidziwa kale, koma kwa foni yachilendo imakhala ngati palibe. Chotsatira chachiwiri n'chakuti chipangizo chimodzi chingathe kuiwala pamene chinzake chikukumbukirabe. Foni imaonetsabe dzina la sipika pa mndandanda, inu mumalidina, foni imapereka nambala yakale, sipika imene inaitaya kale nambalayo imakana, ndipo mungadine kakhumi konse osaphula kanthu.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu amachinamizira kwambiri, ndipo ndi bwino kuchichotsa pa mndandanda wa zokayikitsa msanga. Ambiri amati vuto ndi kusiyana kwa manambala, mwachitsanzo sipika yolembedwa Bluetooth 4.2 ndi foni ya Bluetooth 5.3. Luso limeneli linayambira ku kampani ya Ericsson mu 1994, ndipo kuyambira mu 1998 malamulo ake amakhazikitsidwa ndi bungwe la Bluetooth SIG, limene makampani opanga mafoni ndi masipika amalitsatira. Malamulowo anakonzedwa m'njira yakuti chipangizo chatsopano chizitha kulankhulana ndi chakale, choncho kusiyana kwa manambalawa sikuletsa nyimbo kumveka.

Foni siikuiona sipika

Yambani ndi kagetsi. Pa masipika ambiri, kagetsi kamene kakuthwanima mofulumira, kapena kusinthasintha mitundu iwiri monga wabuluu ndi wofiira, kamatanthauza kuti sipika ikufuna chipangizo chatsopano. Kagetsi kongoyaka osathwanima, kapena kothwanima mwa apo ndi apo, kamatanthauza kuti sipika yalumikizana kale ndi chipangizo china kapena ikungodikira chimene ikuchidziwa. Ngati kagetsi sikakuthwanima mofulumira, kanikizani batani lokhala ndi chizindikiro cha Bluetooth kwa masekondi 3 mpaka 5 osalisiya, mpaka mutamva kaphokoso kapena mawu okuuzani kuti yakonzeka. Timasipika tina tilibe batani limeneli, ndipo pa timeneti mumayamba ndi sipika yozima, n'kukanikiza batani loyatsira osalisiya ngakhale itayaka, mpaka kagetsi katasintha kathwanimidwe. Ambiri amalakwitsa pamenepa chifukwa amachotsa chala akangomva kuti yayaka.

Chifukwa chimene chimavutitsa anthu koposa zonse, malinga ndi mmene ndaonera, ndi chakuti sipika yatengedwa kale ndi chipangizo china. Sipika ikangoyaka imayamba kufunafuna chipangizo chimene inalumikizana nacho komaliza, ndipo ikachipeza imachigwira m'masekondi ochepa, inu musanatsegule n'komwe Settings. Chipangizocho chingakhale foni ya wachibale amene anaimbira nyimbo dzulo, tabuleti imene ili m'chikwama, laputopu imene ili m'chipinda china, kapenanso foni yanu yakale imene ili m'kabati koma batire lake silinathe. Masipika aang'ono ambiri amalandira chipangizo chimodzi chokha pa nthawi imodzi, ndipo akalumikizana amasiya kulengeza dzina lawo. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchizindikira: mukaiyatsa, imalira kaphokoso kosonyeza kuti yalumikizana pamene foni yanu siikusonyeza kalikonse. Mukamva zimenezi, zimitsani Bluetooth pa zipangizo zonse zimene zinagwiritsapo ntchito sipikayo, kenako muizimitse ndi kuiyatsanso. Ngati simukudziwa kuti ndi chipangizo chiti, nyamulani sipika ndi foni yanu mupite nazo patali, kupitirira mamita 20 kapena 30, kuti chinacho chisaifikire, ndipo muyesere kumeneko.

Onaninso ngati sipika ili pa njira ya Bluetooth. Timasipika tambiri timaimbanso kuchokera pa memori khadi, pa fulashi, pa wailesi ya FM ndi pa chingwe cha AUX, ndipo timasinthidwa ndi batani lolembedwa M kapena Mode. Tina timasintha tokha mukangolowetsa khadi kapena chingwe, ndipo pa nthawi imeneyo Bluetooth imakhala yozima. Chotsani chingwe, khadi ndi fulashi, kenako dinani bataniyo mpaka sipika itanena kapena kusonyeza kuti yabwerera pa Bluetooth.

Nthawi zina sipika imakhala ikuoneka pa foni koma mwini wake sakuizindikira, chifukwa dzina limene imalengeza si limene linalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pabokosi. Kawirikawiri imaoneka ndi nambala ya mtundu wake, imene imapezeka pa kapepala komatidwa kunsi kwake, ndipo masipika ena amangodzitchula kuti BT Speaker. Ngati mayina achuluka, zimitsani sipika n'kufufuzanso, muone dzina limene lasowa, ndipo limenelo ndi lanu.

Ku mbali ya foni, fufuzani kudzera mu Settings m'malo modalira kachizindikiro ka pamwamba pa sikirini. Pa Android, lowani pa Bluetooth kapena pa Connected devices ndi kudina Pair new device, chifukwa mafoni ambiri amasiya kufufuza pakapita kanthawi. Pa iPhone pali kamsampha kena: kuyambira pa iOS 11 ya mu 2017, kudina chizindikiro cha Bluetooth mu Control Center, gawo la timabatani tachidule limene limaoneka mukakoka sikirini ndi chala, sikuzimitsa Bluetooth kwenikweni, koma kumangodula zipangizo zimene zalumikizidwa ndi kuletsa zatsopano mpaka tsiku lotsatira. Amene akufuna kuizimitsa ndi kuiyatsanso mwenimweni ayenera kutero mu Settings. Ngati mukufufuza sipika kudzera mu pulogalamu ya kampani imene inaipanga, pulogalamuyo imafuna chilolezo. Kuyambira pa Android 12 chilolezocho chimatchedwa Nearby devices, pamene pa Android 6 mpaka 11 chinali chilolezo cha Location, ndipo ambiri amachikana poganiza kuti sipika ilibe chifukwa chodziwira kumene iwo ali, n'kumadabwa kuti pulogalamuyo siikupeza kanthu.

Foni ikuiona koma ikukana kulumikizana

Apa m'pamene nkhani ya nambala yachinsinsi ija imagwira ntchito. Sipika imakumbukira zipangizo zowerengeka, pa masipika ambiri mpaka 8, ndipo chatsopano chikabwera mndandanda utadzaza, chakale kwambiri chimafufutidwa mwakachetechete. Nambalayo ingathenso kutayika sipika ikabwezeretsedwa mmene inalili pogulidwa, kapena pulogalamu yoyendetsa foni ikasinthidwa. Mankhwala ake ndi kuiwalitsa mbali zonse ziwiri ndi kuyambiranso. Pa Android, dinani kachizindikiro kamene kali pambali pa dzina la sipika ndi kusankha Forget kapena Unpair. Pa iPhone, dinani kachilembo ka i kozunguliridwa ndi kusankha Forget This Device. Mukatero zimitsani Bluetooth, zimitsani foni yonse ndi kuiyatsanso, ikani sipika pa nthawi yofuna chipangizo chatsopano, ndipo muzidziwanitse ngati kuti n'koyamba, zili moyandikana, pasanapitirire mita imodzi.

Kuzimitsa foni yonse anthu ena amakuona ngati uphungu wa munthu amene wasowa chonena, koma pali chifukwa chake. Bluetooth ya pa foni imayendetsedwa ndi kapulogalamu kamene kamagwira ntchito mosalekeza kwa masabata ambiri, ndipo kakasokonekera, kudina batani la Bluetooth pa sikirini sikukayambitsanso nthawi zonse. Kuzimitsa foni ndiko kumakayambitsanso pamodzi ndi kachipangizo ka wailesi kamene kali m'kati.

Foni ikakufunsani PIN, lembani 0000, ndipo ikakana yesani 1234. Izi zimachitika makamaka pa zipangizo zakale, chifukwa kuyambira pa Bluetooth 2.1 ya mu 2007 kudziwana kumachitika popanda munthu kulemba nambala. Mafoni ena amafunsanso ngati mukulola sipika kuona manambala a anthu amene muli nawo. Mungathe kukana, ndipo nyimbo zidzaimbabe.

Masipika ena amaoneka kawiri pa mndandanda, dzina lina lili ndi zilembo LE kumayambiriro kapena kumapeto. Dzina limenelo ndi la njira ya Bluetooth yosadya batire kwambiri, imene pa masipika otere imagwiritsidwa ntchito ndi pulogalamu ya kampani posintha makonzedwe kapena poona mphamvu ya batire. Mukasankha limeneli foni ingathe kulemba kuti yalumikizana koma nyimbo n'kumatulukabe pa foni. Liiwalitseni n'kusankha dzina lopanda zilembozo.

Ngati zonsezi zakanika, fufutani chikumbukiro chonse cha sipika. Njira yake imasiyana kwambiri pakati pa makampani, moti pano kabuku ka malangizo kamene kanabwera ndi sipika n'kofunika. Pa masipika ena mumakanikiza batani la Bluetooth kwa masekondi 10, pa ena mumakanikiza mabatani awiri pamodzi, monga lokwezera voliyumu ndi loimbira, ndipo ena ali ndi kabowo kolembedwa Reset kamene mumalowetsamo kawaya kopyapyala. Samalani kuti musasokoneze kabowo kameneka ndi ka maikolofoni, chifukwa timafanana, ndipo kubaya ka maikolofoni kumawononga. Njira yomaliza ku mbali ya foni ndi kubwezeretsa makonzedwe a netiweki, imene pa mafoni ambiri a Android imapezeka pansi pa Reset options ndipo pa iPhone imatchedwa Reset Network Settings. Ndikuiika kumapeto mwadala, chifukwa imafufutanso mapasiwedi onse a Wi-Fi amene munasunga, ndipo si chanzeru kutaya zonsezo musanatsimikize kuti vuto lili pa foni.

Zalumikizana koma mawu palibe

Mavoliyumu alipo awiri, ya foni ndi ya sipika, ndipo imodzi ikakhala pansi kwenikweni inayo siithandiza. Komanso foni imasunga voliyumu ya nyimbo payokha, yosiyana ndi ya kulira kwa foni, choncho yambani kuimba nyimbo kaye kenako mukweze, kuti mutsimikize kuti mukukweza yoyenera. Foni imakumbukiranso voliyumu ya chipangizo chilichonse pachokha, moti sipika imene munaitsitsiratu usiku wina imayambanso chimodzimodzi ngakhale patapita mwezi.

Kenako onani ntchito imene foni yapatsa sipikayo. Bluetooth ili ndi njira zosiyana za ntchito zosiyana. Nyimbo zimadutsa pa njira yotchedwa A2DP, kuimba ndi kuyankha foni kumadutsa pa HFP, ndipo mabatani oimitsa nyimbo kapena kudumphira pa ina amadutsa pa AVRCP. Pa Android, mukalowa pa dzina la sipika mumapeza timabatani tolembedwa Media audio ndi Phone calls. Ngati Media audio yazima, foni imalemba kuti yalumikizana koma nyimbo zimatulukabe pa sipika ya foniyo. Iyatseni, ndipo ikakana kuyaka, iwalitsani sipika ndi kuidziwanitsanso. Onaninso ngati mawu sakupita kwina, monga ku mahedifoni amene ali m'kabokosi kosatsekedwa bwino kapena ku wailesi ya galimoto imene ili pafupi. Mafoni amakono amalola zipangizo zingapo kulumikizidwa pamodzi koma amatumiza nyimbo ku chimodzi, ndipo mungasankhe chimene mukufuna pa kachizindikiro kamene kamaoneka pa kabokosi koimbira nyimbo.

Pali vuto lina logwirizana ndi njira zimenezi limene limadabwitsa: nyimbo zimamveka, koma mwadzidzidzi mawu asanduka opyapyala ndi osamveka bwino, ngati a munthu wolankhula pa telefoni. Izi zimachitika pulogalamu ina ikatsegula maikolofoni ya sipika, monga pojambula uthenga wa mawu pa WhatsApp, pa msonkhano wa pa intaneti kapena m'masewera amene osewera amalankhulana. Foni imachoka pa A2DP n'kupita pa HFP, imene inapangidwira mawu olankhula okha. Tsekani pulogalamuyo, ndipo ngati simugwiritsa ntchito sipika poyankha foni, zimitsani Phone calls pa dzina lake kuti zisachitikenso.

Ngati mawu akumveka koma ndi otsika kwambiri ngakhale mutakweza zonse, kapena kudina kamodzi kukuwadumphitsa kuchoka pa kunong'ona kufika pa phokoso, vuto lingakhale pa kamangidwe kamene kamagwirizanitsa voliyumu ya foni ndi ya sipika kuti zikhale imodzi. Android ili nako kuyambira pa Android 6, ndipo masipika ena sagwirizana nako bwino. Kuti mukazimitse, lowani pa About phone, dinani Build number maulendo 7 kuti mutsegule Developer options, kenako mupeze Disable absolute volume ndi kuiyatsa, n'kulumikizanso sipika. M'gawo limeneli muli makonzedwe ambiri amene angasokoneze foni, choncho gwirani chokhacho chimene mwapitira.

Mawu akudukaduka

Musanaimbe mlandu Bluetooth, tsimikizani kuti si intaneti imene ikuchedwa. Imbani nyimbo imene inasungidwa pa foni penipeni. Ngati imeneyo ikumveka bwino koma ya pa YouTube kapena Spotify ikuima-ima, sipika ilibe vuto.

Ngati nayonso yosungidwayo ikudukaduka, ganizirani za mafunde. Bluetooth ndi wailesi yofooka kwambiri imene imagwira ntchito pa 2.4 GHz. Mtunda wa mamita 10 umene umalembedwa pa mabokosi ambiri ndi wa pamalo opanda chotchinga, ndipo khoma limodzi la njerwa kapena la konkire, chitseko chachitsulo kapena firiji zimaudula kwambiri. Chotchinga chimene chimaiwalika ndi thupi la munthu. Madzi amameza mafunde a 2.4 GHz, ndipo thupi lathu mbali yaikulu ndi madzi, choncho foni imene ili m'thumba lakumbuyo la buluku pamene sipika ili kutsogolo kwanu imavutika kuposa foni imene ili patebulo mamita angapo kutali. N'chifukwa chakenso sipika imene imaimba bwino m'chipinda chopanda anthu imayamba kudukaduka anthu akadzaza. Ikani foni pamalo okwera pamene ikuonana ndi sipika, ndipo musaiike m'chikwama chokhala ndi zitsulo kapena pansi pa laputopu.

Mafunde a 2.4 GHz amenewa si a Bluetooth yokha. Wi-Fi imagwiritsanso ntchito omwewo, chimodzimodzi mbewa za kompyuta ndi makiyibodi opanda chingwe, ndipo uvuni wa maikulowevu umatenthetsa pa 2.45 GHz n'kumatayira kunja pang'ono. Ngakhale zingwe ndi mafulashi a USB 3.0 amatulutsa phokoso la magetsi limene limagwera m'dera lomweli. Bluetooth imadziteteza podumphadumpha pa tinjira 79 maulendo 1,600 pa sekondi iliyonse, ndipo imaphunzira kupewa tinjira timene tadzaza, koma tikadzaza tambiri imasowa kothawira, ndipo m'pamene mawu amayamba kusowa timagawo. Chimene chimavutitsa kwambiri chimakhala m'foni momwemo, chifukwa pa mafoni ambiri Wi-Fi ndi Bluetooth zimagwiritsa ntchito kachipangizo kamodzi ndi mlongoti umodzi, n'kumasinthana nthawi. Foni imene ikukopera fayilo yaikulu pa Wi-Fi ya 2.4 GHz, kapena imene yayatsa Hotspot kuti igawire ena intaneti, imatsala ndi mpata wochepa wotumizira nyimbo. Yesani kuzimitsa Wi-Fi ndi Hotspot kwa mphindi zingapo. Ngati kudukaduka kwatha, mwapeza gwero lake, ndipo njira yokhalitsa ndi kusamutsira foni pa Wi-Fi ya 5 GHz ngati rauta yanu, kabokosi kotulutsa Wi-Fi, ili nayo, komanso kuchotsa sipika pafupi ndi rautayo.

Nyimbo zikamaima pakapita mphindi zingapo sikirini itazima, wolakwa nthawi zambiri ndi makonzedwe osunga batire, amene amatseka mapulogalamu ogwira ntchito kumbuyo. Lowani pa pulogalamu yanu yoimbira mu Settings, pa gawo la Battery, ndi kuilola kugwira ntchito popanda malire. Zimitsaninso Battery saver pamene mukuyesa.

Pali chinthu chinanso chimene chimakhudza masipika ochepa. Mawu asanatumizidwe amapanikizidwa kaye kuti akwane pa mafunde, ndipo njira zowapanikizira zilipo zingapo: SBC imene chipangizo chilichonse choimba nyimbo pa A2DP chimayenera kukhala nayo, AAC imene iPhone imagwiritsa ntchito, aptX ya kampani ya Qualcomm ndi LDAC ya Sony. LDAC imatumiza zambiri pa sekondi, choncho imafuna mafunde oyera ndipo imayamba msanga kudukaduka pamalo odzaza. Ngati pa dzina la sipika pali kabatani kolembedwa HD audio kapena LDAC, kazimitseni muone. Pa kasipika kakang'ono konyamula m'manja, khutu silitaya kanthu koti n'kudandaula nako.

Batire ndi kutchaja

Batire lofooka limabweretsa zizindikiro zimene zimaoneka ngati za Bluetooth. Sipika imalumikizana bwino, imaimba bwino motsitsa, koma mukakweza voliyumu, makamaka pa nyimbo zokhala ndi mabesi amphamvu, imadula kapena kuzima. Chifukwa chake n'chakuti mabesi amakoka magetsi ambiri pa kanthawi kochepa, mphamvu ya batire imagwa mwadzidzidzi, ndipo kachipangizo ka Bluetooth kamazima n'kuyambanso. Itchajeni mpaka itadzaza kenako muyesenso. Ngati ikuimba bwino ili pa tchaja koma ikuzima mukangoichotsa, batire lakalamba, ndipo palibe makonzedwe a pa foni amene angalichiritse. Sipika imene yayamba kutupa kapena kutentha modabwitsa potchaja isiyeni kuigwiritsa ntchito, chifukwa batire la lithiamu lotupa lingathe kuyaka moto.

Kuzima kokha si chizindikiro cha vuto nthawi zonse. Masipika ambiri anapangidwa kuti azizima okha akakhala osaimba kwa mphindi 10 mpaka 20, ndipo ena amayesa kuti palibe chikuimba ngati voliyumu ya foni ili pansi kwambiri. Zikatero kwezani ya foni n'kutsitsa ya sipika.

Ngati sipika ikukana kutchaja, yesani chingwe china musanaganize za batire, chifukwa zingwe zimaduka m'kati mosaoneka. Pa timasipika totchipa tokhala ndi bowo la USB-C pali chodabwitsa china: timatchaja ndi chingwe chokhala ndi mutu waukulu wa USB-A mbali inayo, koma timakana chingwe cha USB-C mbali zonse ziwiri. Opanga ake amasiya kuika tizipangizo tiwiri tating'ono timene timauza tchaja kuti iyambe kutulutsa magetsi, choncho tchaja yamakono imangokhala chete. Gwiritsani ntchito chingwe chimene chinabwera ndi sipika pamodzi ndi tchaja wamba ya 5V.

Mawu ochedwa ndi masipika awiri

Mawu akamafika mochedwa pang'ono poyerekeza ndi chithunzi, sipika siinawonongeke. Kupanikiza mawu, kuwatumiza ndi kuwamasula kumatenga kachigawo ka sekondi. Mapulogalamu ambiri oonetsa mafilimu amachedwetsa chithunzi kuti chigwirizane ndi mawu, koma masewera sangatero, ndipo kwa amene kuchedwaku kukuwasowetsa mtendere, chingwe cha AUX ndicho chimathetsa nkhani.

Polumikiza masipika awiri kuti aziimba pamodzi, njira imene ambiri amailemba kuti TWS, zimitsani kaye Bluetooth ya foni, lumikizani masipikawo okhaokha, kenako mulumikize foni ku imodzi yokha. Nthawi zambiri amafunika kukhala a kampani imodzi ndi mtundu umodzi. Sipika imene inakhalapo yachiwiri pa gulu lotere nthawi zina imapitiriza kufunafuna inzake m'malo mwa foni, ndipo imafunika kuifufuta chikumbukiro kuti iyambenso kuoneka.

Kudziwa mbali imene ili ndi vuto

Mukayesa zonsezi osaphula kanthu, pezani foni ina ndi chipangizo china cha Bluetooth, monga mahedifoni, ndipo muyese mopingasa. Lumikizani sipika yanu ku foni inayo, kenako lumikizani foni yanu ku mahedifoniwo. Ngati sipika ikugwira bwino pa foni ina ndipo foni yanu ikukananso mahedifoni, vuto lili pa foni: ikani pulogalamu yoyendetsa foni yatsopano ngati ilipo, bwezeretsani makonzedwe a netiweki, ndipo zikakanikabe, makamaka ngati Wi-Fi nayonso ikuvuta kapena batani la Bluetooth likukana kuyaka, n'kutheka kuti kachipangizo ka wailesi kawonongeka ndipo foniyo ikufunika mmisiri. Ngati chilichonse chikugwira ndi zipangizo zina koma ziwirizi zokha zikukanana, chatsala ndi nambala yachinsinsi kapena kusamvana kwa mapulogalamu, ndipo muyenera kufufuta mbali zonse ziwiri ndi kuona ngati kampani ya sipika inatulutsa pulogalamu yatsopano ya sipikayo.

Ngati palibe foni imene ikuiona sipika ngakhale mutaifufuta chikumbukiro ndi kuitchaja mokwanira, iyeseni ndi chingwe cha AUX kapena memori khadi. Ikaimba, ndiye kuti chokuzira mawu ndi batire zili bwino ndipo mbali ya Bluetooth yokha ndiyo yafa, moti mungapitirize kuigwiritsa ntchito ndi chingwe kapena kulowetsa pa AUX kachipangizo kolandira Bluetooth kogulitsidwa pakokha. Ikakana ngakhale pamenepo, onani ngati nthawi ya chitsimikizo cha kampani siinathe musanalole aliyense kuitsegula, chifukwa makampani ambiri salandiranso sipika imene yatsegulidwa, ndipo yosalowa madzi ikangotsegulidwa kawirikawiri siitsekekanso mmene inalili.